Tsiku Limene Ndinasanduka Denga la Apongozi

Tsika kaye pampandopo, iwe Tadala, ungathyoke mwendo mpunga wa mawa usanaulawe. Timagetsi takoto sitithawa. Nawenso Yamikani leka kuuzira mabaluniwo, masaya afika kale ngati a chule. Tayang'anani kumadzuloko, cha ku Mozambiki uko. Mtambo wakuda chonchija suli paulendo wopita kwina ayi, ukubwera kwathu kuno, ndipo ukubwera ndi mphepo. Bwerani mukhale pakhonde pano tiuonere limodzi. Ukadutsa mupachika bwino zinthu zanuzo.

Musandiyang'ane choncho. Ine zokongoletsa za Khrisimasi ndazigulitsa pamsika wa pa boma mpaka mawondo atandikaniza njinga. Ndimazidziwa monga wogulitsa nsomba amadziwira imene iyambe kununkha. Mabaluni ndi amantha. Mphepo ikangowakhudzitsa ku udzu wa denga kapena ku msomali, phuu, basi mwana akulira. Thonje lija tinkamwaza pa nthambi za mkungudza, eti kuti kuoneke ngati kwa azungu, likanyowa limalendewera ngati chimfine. Zonyezimira za pulasitiki mwagulazi mvula siziopa, koma mphepo imazitenga n'kukazipachika mumtengo wa eni ake, ndipo chaka chamawa mudzazifukula m'munda mukulima, zikadali kunyezimira, osaola. Mbuzi ikameza zimenezo imayamba kuonda mwini wake osadziwa chifukwa. Zonsezi ogula sindinkawauza. Ndinkangoti, "Mayi, izi ndi zolimba, zochokera kunja izi." Dziko lake liti, palibe anandifunsapo.

Kale kumapiri kuno Khrisimasi inkakongoletsedwa ndi zinthu zokulira pamvula. Amuna ankadula mitengo ya nthochi yathunthu n'kuizika uku ndi uku pakhomo la tchalitchi, masamba ake n'kukumana pamwamba. Ena ankatsikira kudambo kukadula kanjedza womangirira m'mizati. Amayi ankazira makoma ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda, n'kujambulapo maluwa ndi chala. Mkuntho ukabwera masamba a nthochi ankang'ambika, inde, koma osagwa, ankangowala ngati apakidwa mafuta. Maluwa a pakhoma ankasungunuka kumunsi kumene mvula ikumenya, kumtunda pafupi ndi denga n'kutsala. Palibe ankadandaula. Chaka chatsopano chikadutsa nthochi zija ankaponyera nkhumba, nkhani yatha.

Ine nthawi imeneyo ndinkaziona ngati umphawi. Pajatu si ine wa kuno. Ndinabadwira kuchigwa, ku Lisungwi, ndipo ndinakulira pamsika. Anzanga akuphunzira khasu, ine ndinkaphunzira pakamwa. Ndinali ndi njinga yanga, kumbuyo bokosi la mchere, sopo, singano, machesi ndi usipa, ndipo ndinkakwera nayo mapiri onsewa, nthawi zambiri ine pansi njinga ndikukankha. Agogo anu aakazi, Esinala, ndinakumana nawo pamsika wa Ligowe. Ananenerera mtengo wa sopo mpaka ndinawapatsa popanda phindu lililonse. Ndikutsika phiri madzulo ake ndinadzifunsa kuti, munthu wa pakamwa potere, n'kwabwino akhale mbali ya ogula kapena mbali yanga? Ali kukhitchiniko akumva. Akatsutsa musawamvere.

Masiku amenewo mwamuna ukakwatira unkasamukira kwa mkazi, n'kukhala mkamwini. Munda ndi wawo, nyumba wamanga pa dothi lawo, ana obadwa ndi awo. Akatopa nawe unkanyamula bulangete lako n'kuona msewu. Ndipo panali lamulo lina limene inu mungaseke. Apongozi aakazi sunkayankhula nawo, sunkawayang'ana kumaso, sunkawayandikira. Mukakumana panjira mmodzi ankapatukira patchire, kaya pali chitedze. Lero bambo anu amaimbirana foni ndi agogo anuwa n'kumaseka mpaka mayunitsi kutha. Ine ndimangoonerera.

Apongozi anga anali aNangozo. Ndinakhala pamudzi pawo kuyambira nthawi yokolola mpaka mvula kugwa, nkhope yawo osaidziwa. Ndinkadziwa kutsokomola kwawo. Ndinkadziwa zidendene zawo ndi mfundo ya duku kunkhongo. Akafuna kundiuza kanthu ankauza Esinala, ine ndili pompo kuseri kwa nkhokwe ndikumva ndi makutu angawa.

"Uwauze alendowo kuti udzu m'munda mwako wafika m'mawondo."

Ine n'kuyankha kwa Esinala yemweyo. "Uwauze amayi kuti ndikabwerako ku msika."

Msika wake sunkatha.

Amene ankandiwerengera masiku anali a Lameki, mlongo wawo wa aNangozo, eni mbumba, komanso mkulu wa mpingo. Musawaganizire zoipa. Anali munthu wolima, manja ngati khungwa la mtengo, ndipo zimene ankanena zinali zoona. Ankati, "Ife tinapempha mkamwini, atipatsa belu la njinga." Mvula itakhazikika, chimanga cha anthu chili bii, cha Esinala chili chikasu m'kati mwa udzu, anatuma mawu akuti Khrisimasi ikangodutsa ankhoswe akhala pansi. Esinala apo n'kuti ali woyembekezera, mimba ya amayi anu. Ndikanathamangitsidwa, mwana ameneyo akanakula akundiona pamsika ngati munthu wogulitsa sopo.

Munthu wanzeru akanatenga khasu tsiku lomwelo. Ine ndinaganiza ngati wamalonda. Ndinati dzina labwino liyenera kukhala ndi pogulira pake. Ndinapita kwa a Lameki omwewo, chipewa m'manja, n'kupempha kuti chaka chino tchalitchi ndikongoletse ndine.

"Mukongoletsa ndi chiyani, usipa?"

"Mudzaona, malume."

Ulendo wa ku Limbe masiku amenewo sunali wa masewera. Njinga ndinaisiya kwa mnzanga kumsewu waukulu, nditaoloka mitsinje madzi ali m'chiuno, n'kukwera pamwamba pa lole ya mbatata. M'sitolo ina ndinapeza mapepala amakwinyamakwinya, ofewa ngati nsalu, obiriwira, achikasu ndi ofiira. Ndinali ndisanaonepo chinthu chofiira chotero. Ndinayamba ntchito yanga. Ndinawanyoza kuti ndi akale, ndinawanunkhiza, ndinatuluka panja ngati ndapita, ndinabweranso ngati ndaiwala chipewa. Mwini sitolo anatopa nane. Anandipatsa pa mtengo wanga, n'kuwonjezerapo mulu wa ofiira ngati basela. Akumanga katunduyo anandiyang'ana kumapazi, matope ali mpaka m'mawondo.

"Bambo, amenewa ndi a m'nyumba youma."

Ine ndinaseka. Ndinaganiza kuti zikumuwawa kuti ndamugonjetsa.

Tsiku ngati lalero, Khrisimasi ili mawa, ndinaphika phala la ufa wa chinangwa kukhala zomatira. Mapepala aja ndinawadula timizeremizere n'kulumikiza ngati unyolo, ndipo ndinayendetsa maunyolowo m'mapaso a tchalitchi kuchokera khoma ili kukafika lija. Tchalitchi chathu chinali chofolera udzu, ndipo udzuwo unali utakalamba. Amuna ankangoti tifolera chaka chamawa. Ndili pamwamba ndinaona timabowo tolowetsa dzuwa, koma maso anga anali pa kukongola. Kumbali ya amuna ndinaika obiriwira ndi achikasu. Ofiira onse ndinaunjika kumbali ya amayi. Ndipo pamwamba penipeni pa malo amene aNangozo ankakhala, pafupi ndi mzati wachiwiri, ndinapachika duwa lalikulu ngati lichero, lofiira psuu. Ndinati popeza nkhope yanga saiona, aone ntchito yanga.

Anthu anabwera kudzasuzumira pawindo. A Lameki analowa, anakweza maso, anayenda mpaka kutsogolo, anabwerera. Anangokonza kukhosi n'kutuluka. Ine ndinati m'mtima, malonda atheka.

M'mawa wa Khrisimasi kunacha kotentha, kopanda ndi kamphepo komwe. Ndinavala malaya anga oyera ndi jekete. Amuna tinakhala pa mabenchi kumanja, amayi pamphasa kumanzere, Esinala kutsogolo ndi a kwaya. Amayi a mpingo anali mbee, mabulauzi oyera, maduku oyera. Aliyense wolowa ankayamba wayang'ana kudenga, kukamwa yasa. Ine chifuwa chinakula mpaka batani kufuna kuduka.

Nyimbo yachiwiri ili m'kati kunada. Mphepo inayamba, nthochi za pakhomo zikuvina uku ndi uku, kenako chimvula chinatsika ngati wina wapendeketsa mtsinje. Apa ndi pamene a Lameki anaimirira kuti apemphere.

Pemphero la a Lameki linali ulendo. Linkayambira kwa Adamu, n'kudutsa kwa aneneri, kenako n'kufika kwathu kuno n'kuyamba kuyendera odwala mudzi ndi mudzi. Likafika ku Magaleta mumadziwa kuti tili pakati. Anthu onse anaweramitsa mitu, maso tsinzinu. Ine chibadwire sindinatsekepo maso onse awiri pagulu. Msika unandiphunzitsa zimenezo. Ndiye ndi diso langa limodzilo ndinaona denga likuyamba kudontha. Madzi sankagwa pansi mwachindunji ayi. Ankatsata phaso, n'kutsata unyolo wa mapepala, n'kumasonkhana pa duwa langa lija. Duwalo linalemera, linayamba kuwerama. Kunsonga kwake kunalendewera dontho, ndipo dontholo silinali la madzi wamba. Linali lofiira ngati magazi a nkhuku. Pansi pake panali duku loyera la aNangozo.

Ana inu, duku limenelo si nsalu wamba yogula lero n'kutaya mawa. Mayi amalilandira pamaso pa mpingo, amalichapa payekha, amalisunga pansi pa sutukesi, ndipo tsiku lake lomaliza amamuveka lomwelo popita kumanda. ANangozo anali wamasiye, analibe lina.

Ndichite chiyani tsono? Kufuula pakati pa pemphero, sizingatheke. Kuitana dzina la apongozi, lilime likhoza kuuma. Kuwagwira paphewa, bola kuba mbuzi. Kuolokera kumbali ya amayi, ngakhale mwana wa zaka khumi sankachita. Esinala anali kutali, atatsinzina ngati wolipidwa. Ndinayamba kunenerera ndi Mulungu amene. Ndinati, Ambuye, mvula yokhayi ibwezeni pang'ono, mawa m'mamawa ndili m'munda. Mvula inakula. Ndinati, chabwino, musaibweze, koma a Lameki afike msanga pa ameni. A Lameki anali asanatuluke mu Iguputo. Ndinatsitsanso mtengo, ndinati, ngati liyenera kugwa, ligwere pa mphasa. Dontho loyamba linagweradi pa mphasa, pafupi ndi bondo lawo. Lachiwiri linali kukula.

Sindikumbuka kuganiza. Ndinangozindikira ndavula nsapato, ndavula jekete, ndikuyenda chonyang'ama pakati pa miyendo ya amayi. Nditafika pa mzati uja ndinawafulatira apongozi, nkhope kukhoma, monga mwambo unkafunira, n'kutambasulira manja kumbuyo jekete lili pamwamba pa mutu wawo. Tho. Tho. Madontho anayamba kugwera pa jekete. Ena ankandigwera m'khosi n'kutsikira kumsana.

Mudayesapo kuimika manja kumbuyo kwa nthawi yaitali? Yesa, Yamikani, uone. Mapewa anayaka moto. A Lameki anali atangofika ku Magaleta, ku Midzemba kukadali kutsogolo.

Koma pali chinthu chimene ndimachiganizirabe mpaka lero, makamaka mitambo ikada chonchi. Nditaima pamenepo ndinali pafupi ndi aNangozo kuposa tsiku lina lililonse, ndipo ndinamva kuti iwo sankatsata pemphero la mlongo wawo. Ankanong'ona lawolawo. Anapempherera Esinala kuti adzachire bwino. Anapempherera chimanga. Kenako ndinamva akuti, "Ndi mlendo wathuyu, Ambuye, mumukhazike mtima pansi. Ndi mwana wa eni ake, ali kutali ndi kwawo." Ine miyezi yonseyo ndinkaganiza kuti kwa mayi amenewa ndine udzu wa m'munda basi. Ndinkawagulira duwa la pepala munthu amene ankanditchula kale kwa Mulungu, ine osadziwa. Mwambo uja unali ndi ulemu wake, sindikana. Koma unkachititsa kuti anthu awiri akhale bwalo limodzi, kumwa madzi a mtsuko umodzi, wina osadziwa kuti mnzake amamufunira zotani.

Mphepo inakankha chitseko. Unyolo unaduka mbali imodzi, ndipo duwa lonse, lonyowa, lodzaza phala la chinangwa, linabwera chozungulira n'kundimata kumutu. Nthawi yomweyo a Lameki anati ameni.

Mpingo unatsegula maso. Unaona mkamwini wopanda nsapato ataima pakati pa amayi, matako atalozetsa kwa apongozi ake, manja kumbuyo ngati nkhuku yokhululidwa nthenga, mutu wonse ukuchucha zofiira. Mayi wina anakuwa poganiza kuti mphezi yandiwomba. Ana anayamba kuseka, ndipo kuseka kwa ana m'tchalitchi sikuzimitsika. M'mbali monse maunyolo anali kugwa, ofiira pa mabulauzi a amayi, obiriwira pa dazi la mkulu wina. Tikutuluka, nthochi za pakhomo zinali chiimire, zosambitsidwa bwino.

Nkhani sinadikire ankhoswe. Masana omwewo mvula itakata, tinakhala pabwalo pa aNangozo, mpunga wa Khrisimasi ukuzizira m'mbale. Ine ndinali pamalo panga, kuseri kwa nkhokwe, nditafulatira. Ndinali nditasamba, koma utoto uja unakana kuchoka. A Lameki anayala milandu bwinobwino osakweza mawu. Munda sanapalire. Waononga zovala za amayi a mpingo. Wasandutsa nyumba ya Mulungu bwalo la masewera. Ndipo choposa zonse, waima pamutu pa apongozi ake anthu onse akuona.

"Ine ndilibe naye chidani," anatero. "Koma pano pamukanika. Atenge njinga yake kukadali kowala."

Ndinkangoyang'ana njere za chimanga zogwera pansi pa nkhokwe. Kenako ndinamva kutsokomola kuja.

"Inu a kuseri kwa nkhokwe."

Ndinadikira kuti Esinala abwereze. Sanabwereze.

"Ndikunena inuyo, bambo a sopo. Tembenukani."

"Achemwali," anatero a Lameki, "nanga mwambo?"

"Mwambo unatha m'mawa muja, achimwene, inu muli ku Magaleta. Ine ndinatsinzina, koma mphuno sizitsinzina. Fungo la usipa ndinalimva, ndinadziwa amene waima pamenepo, ndipo ndinamva manja ake akunjenjemera mpaka ameni. Duku langa ndi ili, talionani. Nkhuku yothetsera mwambowo mupha mawa kuti zilongosoke. Tembenukani, bambo."

Ndinatembenuka ndi mawondo. Anali mayi wamng'ono thupi, wa mphini ziwiri patsaya, maso akuthwa ngati a Esinala. Ndinkayembekezera munthu wamkulu ngati phiri. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kutsitsi mpaka kuchibwano, monga ine ndimayang'anira nsalu ndisanatchule mtengo.

"Esinala, makutu amenewa unawaona usanavomere?"

"Ndinawaona, amayi."

"Basi, ndi ako." Anabwereranso kwa ine. "Tamverani. Sopo muli naye wambiri. Mupereka kwa mayi aliyense amene mwamuthimbiriritsa, ndipo mukapepesa khomo ndi khomo. Njinga ipuma mpaka chimanga chitalowa m'nkhokwe. Khasu mulipeza pakhomo panu m'mamawa. Mukakolola, kayendeni ndi malonda anuwo, sitikuletsani. Mwamva?"

Lilime langa linafuna kuyamba zake, kuti mwina njinga izituluka Loweruka lokha. Esinala anandiponyera diso limodzi.

"Ndamva, amayi."

A Lameki anapukusa mutu, anatenga chipewa chawo, kenako anachibwezanso pansi poona kuti mbale zikuvundukulidwa. ANangozo anakankhira mbale imodzi kutsogolo, pa mphasa yawo yomwe.

"Sunthirani kuno. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuphikira munthu wosamuona. Ndione mmene mumatafunira."

Ndinakhala pansi pamaso pawo n'kupisa dzanja m'mbale. Mpunga umene ndinagwira unasanduka wofiirira. Ndinadya wonse.